Yoga m'kutentha kwa Dar es Salaam: puma usanamve chizungulire

Munthu wokulira ku Dedza akafika ku Dar es Salaam mwezi wa Febuluwale, chimene chimamuzunza kwambiri ndi thukuta losauma. Masana kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo mpweya wochokera kunyanja umabwera wodzaza kale ndi chinyezi. Thukuta limaziziritsa thupi likamauma pakhungu. Likamangoyenderera n'kudonthera pamkeka, madzi akutha m'thupi koma kutentha kukadali m'kati. Ndinaziona ndekha pakhonde pathu ku Sinza, mu Dar momwemuno, tsiku limene ndinadzuka msanga nditawerama nthawi yaitali: m'maso munada bii, ndinangogwira khoma.

Yoga ya m'chipinda chotenthetsedwa, imene Bikram Choudhury anatchukitsa ku America m'zaka za m'ma 1970, imachitika pa madigiri pafupifupi 40 kwa mphindi 90, ndipo ili ndi mapindidwe a thupi 26. Koma ngakhale kumeneko kupuma kunaikidwa m'ndondomeko yake. Akamaliza zochita chiimirire, onse amagona chagada pafupifupi mphindi 2, ndipo pa zochitira pansi amapumanso masekondi ngati 20 akatha chilichonse. Kugona kumeneku amakutcha savasana. Tsono ife a mu Dar, amene chinyezi chathu chimaposa cha m'zipinda zimenezo, tingathamangire chiyani?

Chokuuza kuti nthawi yopuma yakwana ndi mphuno yako. Ngati ukutha kukoka ndi kutulutsa mpweya ndi mphuno yokha, pakamwa pali potseka, pitiriza. Ukayamba wefuwefu, kapena mtima ukamamveka ukugunda m'makutu, leka pomwepo, usadikire kuti anzako amalize. Yamba waima chilili, manja ali m'mbali. Zikapanda kusintha, gwada n'kukhalira zidendene. Zikapitirira, gona chagada, miyendo ndi manja zili tambalale, ndipo uwerenge mpweya khumi wodekha usanaganize zodzuka. Ambiri amakonda kugwada n'kugunditsa mphumi pamkeka, koma ine pakatentha kwambiri ndimaona kuti nkhope imabanika. Kugona chagada kumandipepukira. Podzuka, tembenukira kumbali, khala tsonga pang'ono, kenako imirira. Chizungulire chija chimabwera chifukwa kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu, ndiye ukadzambatuka magazi amachedwa kufika kumutu.

M'kalasi mumakhala manyazi, ndikudziwa. Umaona mayi wachikulire pambali pako akupinda msana ngati nsungwi yaiwisi, iwe uli gone. Gonabe basi. Mphunzitsi wabwino sangakukalipire chifukwa chopuma, ndipo amene angakuumirize kupitiriza uli ndi nseru si woti ubwererekonso.

Madzi uyambe kumwa kukadali maola angapo, osati kugubuduza botolo lonse uli kale pamkeka, chifukwa mimba yodzaza imabweretsa nseru ukawerama. Pa nthawi yopuma ija uzingomwa pang'onopang'ono. Ukamaliza, madzi a madafu (kokonati wosakhwima) amene amagulitsa m'mbali mwa misewu ndi ku Coco Beach amathandiza, koma thukuta limachotsanso mchere, choncho udye chakudya cha mchere pang'ono, kapena usungunule paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi abwino. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi akuperewera.

Ukamachitira panyumba, sankha m'mamawa dzuwa lisanakwere, tsegula mawindo, yatsa fani. Usatseke zitseko pofuna kutengera zipinda zotenthetsedwa zija, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Mlendo wongotsika basi kuchokera ku Songwe apatse thupi sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere, ayambe ndi mphindi 20 zokha. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, kukamapita kamphepo kozizirira, ndiye yabwino kuyambira.

Mayi woyembekezera asalowe m'chipinda chotenthetsedwa. Wodwala mtima, BP kapena shuga ayambe waonana ndi dokotala, ndipo amene wangochira malungo kapena kutsegula m'mimba adikire kaye mphamvu zibwerere. Mnzako akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka, apo si zongomugoneka ayi: mutulutsireni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo wina athamange kukaitana bajaji (kagalimoto ka matayala atatu) yopita naye kuchipatala.