Kukonzanso Bwato Lakale la Aluminiyamu Kuti Likhale la Usodzi

Mabanja ambiri ochokera ku Malawi amene anakhazikika pa migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca ku Bindura angapeze ndiwo ndi ndalama powedza m'madamu monga Arcadia ndi Mwenje. Bwato lakale la aluminiyamu likhoza kugwiranso ntchito zaka zambiri mukatsata njira izi:

1. Ikani bwato pa mitengo, thiranimo madzi pang'ono, ndipo chongani paliponse pamene pakudontha. Kawirikawiri madzi amadutsira m'mariveti olefuka.

2. Limbitsani riveti aliyense ndi nyundo, mnzanu atatsamiritsa chitsulo cholemera kuseri kwake. Wothyoka m'chotseni, muikepo wina wa aluminiyamu. Misomali ya mkuwa kapena chitsulo wamba ikanyowa imadyetsa aluminiyamu.

3. Sinthani thabwa lakumbuyo lomangirapo injini ngati lawola. Pewani matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe okhala ndi mkuwa, komanso penti wa mkuwa.

4. Mangirirani zigubu zopanda kanthu zotseka bwino pansi pa mipando kuti bwato lisamire likadzadza madzi.

Chenjezo: musanyamule m'bwato mekyule amene okumba golide amagwiritsa ntchito m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Mekyule amadya aluminiyamu, ndiponso amaunjikana m'nsomba zimene ana anu adzadye.

Musanaponye ukonde, pezani chilolezo ku ZimParks. Yesani bwato pamadzi osaya poyamba, ndipo aliyense wokwera avale jekete yoyandamitsa.