Phunziro: Kulondola Anangumi M'nyanja Zamchere

M'masitolo ena a ku America mumagulitsidwa zidole zofewa zooneka ngati nangumi. Wogula amajambula ndi foni kachizindikiro kobwera ndi chidolecho, ndipo pafoni pamaoneka mapu osonyeza kumene nangumi weniweni wakhala akuyenda. Ndalama zina zimapita kwa ofufuza, koma wogula wanzeru amayamba wafunsa kuti n'zingati. Chidolecho pachokha sichilondola kanthu. Kachipangizo kolondola kali pamsana pa nyamayo.

Tiyambe ndi nyamayi. Nangumi si nsomba, chifukwa amapuma mpweya ndipo amayamwitsa. Wa mtundu wa sperm whale amaposa nyama zonse zamano pa kukula. Wamphongo amafika mamita 16, ubongo wokha n'kulemera pafupifupi makilogalamu 8. Posaka nyama zotchedwa squid amamira mamita oposa 1,000, kumene kulibe kuwala, ndipo amatha ola lathunthu asanapume.

Vuto la ofufuza lili pomwepa. Uthenga wa wailesi sudutsa m'madzi amchere, choncho kachipangizo kamalankhula ndi setilaiti pokhapokha nangumi akayandama kudzapuma. Ofufuza amangolandira timadontho apa ndi apo. Mzere wosalala wa pamapu uja amajambula ndi kompyuta polumikiza timadonthoto, osati kuti nyamayo inadutsa ndendende pamenepo. Mfundo imeneyi muigwire bwino.

Njira zina ziliponso. Pomira, nangumi amatukula mchira, ndipo zipsera za m'mphepete mwake zimasiyana monga zidindo za zala zathu. Wofufuza wina dzina lake Shane Gero ndi anzake akhala akujambula michira kufupi ndi chilumba cha Dominica kuyambira 2005, moti amadziwa mayi, mwana ndi agogo m'banja lililonse limene amalitsatira. Amatsitsanso maikolofoni m'madzi n'kumamvetsera kugogoda kumene anangumi amalankhulirana.

Nanga zonsezi n'zantchito yanji? Kusaka anangumi pofuna malonda kunaletsedwa kuyambira 1986, koma lero akuwombedwa ndi sitima, kukodwa m'maukonde ndiponso kumeza mapulasitiki. Munthu sangateteze nyama asakudziwa kumene imakhala. Ofufuza atasonyeza malo amene anangumi amasonkhana kufupi ndi Greece, kampani ya sitima ya MSC inasintha njira zake kumeneko mu 2022. Mu 2023 boma la Dominica linalengeza kuti lipatula dera la nyanja la masikweya kilomita pafupifupi 800 kuti likhale la anangumi a mtundu wa sperm whale, sitima zikuluzikulu zizidutsa m'njira zoikika zokha.