Malangizo: Mwera, Mseru ndi Ulendo wa Panyanja

 M'nyengo yozizira, ntchito yothyola tiyi kuno m'maesiteti a m'boma la Thyolo imachepa, ndipo ena mumakonzekera ulendo wa kunyanja, kaya kukaoda usipa kaya kukwera sitima ya Ilala ku Monkey Bay kupita ku Likoma. Dziwani kuti mu Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imawinduka kwambiri pa Nyanja ya Malawi.

Mwera ukagwedeza sitima, ena amachita mseru. Mseru wa m'sitima si matenda, ndipo palibe wakulodzani. M'kati mwa khutu mumamva kuti thupi likugwedezeka, pomwe maso akuona khoma lili chiimire. Ubongo umasokonezeka, m'mimba n'kuyamba kutembenuka.

Musakwere ndi njala, koma musakhutenso mopitirira. Tchipisi, mandasi ndi kanyenya zidikire mukatsike; mowa ndiye ayi ndithu. Phala, mbatata yophika, buledi kapena nthochi zathu zomwezi n'zokwanira. Tiyi wa jinja amathandiza ena.

Madzi ndiye nkhani yaikulu. Nyamulani anu, owiritsa kapena othira mankhwala. A m'nyanja angakupatseni kolera. Imwani pang'onopang'ono, pafupipafupi. Mukasanza, sungunulani paketi ya Thanzi ORS m'lita imodzi, muzimwa ngakhale mtima usakufuna. Mwana amafooka msanga, amayi, muyang'anireni.

Khalani chapakati pa sitima, popita mphepo, maso kutali komwe madzi akumana ndi thambo. Foni ilowe m'thumba.

A zanyengo akachenjeza za mwera, boti laling'ono musakwere. Usipa mudzaupeza mawa.