Za Kudya Kosadziletsa ndi Cilakolako ca Zozuna

Mwezi uno tiphunzire za bvuto limene anthu ambiri ali nalo, koma salinena poyera cifukwa ca manyazi. Alipo ena pakati pathu, amuna ndi akazi omwe, amene nthawi zina cilakolako ca cakudya ciwagwira ndi mphamvu, makamaka ca zinthu zozuna, monga mandasi, masikono, maswiti, tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa za m'mabotolo. Akayamba kudya sakhoza kuleka. Adya msangamsanga, adyabe ingakhale mimba yadzala ndi kuwawa, ndipo kawirikawiri adya mobisala, pamene a m'nyumba agona kapena apita kumunda. Atatha kudya mtima wao uwatsutsa, nadzinyoza okha, nalumbira kuti mawa sadzalawa kanthu konse. Pa lumbiro limeneli ndi pamene ndifuna kuti tiime, pakuti msampha uli pomwepo.

Koma poyamba tisiyanitse. Munthu amene akhuta kwambiri pa ukwati kapena pa Khirisimasi, pamene apha mbuzi ndi kuphika mpunga, sindiye amene tinena pano. Ameneyo adya pamodzi ndi anzace mokondwa, ndipo m'mawa mwace abwerera ku kadyedwe kace ka masiku onse. Amene tinena ndiye wakudya zambiri m'kanthawi kocepa, monga maora awiri, ali kumva m'mtima kuti alibe mphamvu ya kuleka. Dotolo wina wa ku America, Albert Stunkard, analongosola mkhalidwe umenewu m'caka ca 1959, ndipo m'caka ca 2013 madotolo a nthenda za maganizo a dziko lomwelo anauwerenga nthenda payokha. Muyeso wao ndi uwu: cikacitika kamodzi pa sabata kufikira miyezi itatu, munthuyo afunika cithandizo. Cotero tisafulumire kumuyesa wosusuka cabe.

Tsono tsegulani Buku Lopatulika pa 1 Samueli 14, muwerenge kuyambira ndime 24 kufikira ndime 35. Tsiku lina la nkhondo ndi Afilisti, mfumu Sauli analumbiritsa anthu ace kuti pasakhale wakudya kanthu kufikira madzulo. Ankhondowo anadzera m'nkhalango mmene munali uci wambiri, koma onse anaupenya ndi maso okha, poopa lumbiro lija. Jonatani yekha, amene sanamve mau a atate wace, analawako pang'ono ndi ndodo yace, ndipo mphamvu yace inabwerera. Taonani cimene cinacitika nthawi ya lumbiro itatha. Anthu aja anapirira tsiku lonse anagwera nkhosa ndi ng'ombe zimene analanda kwa adani, naziphera pansi pomwepo, nadya nyama ndi mwazi womwe, cinthu cimene cilamulo ca Mose cikaniza kolimba. Nanga mlandu unali wa yani? Ine ndiyesa kuti waukulu unali wa Sauli. Anthu aja sanabadwe osusuka ai. Lamulo lopanda nzeru linawafoketsa kufikira anaiwala ndi cilamulo ca Mulungu comwe.

Ambiri a abale athu obvutikawa adziikira okha lamulo la Sauli. Munthu amene anadya mopyola muyeso usiku wa dzulo, m'mawa angomwa madzi napita ku nchito. Usana akana nsima, nati sindimva njala. Dzuwa likapendeka miyendo iyamba kulefuka, mutu uwawa, ndipo popita kwao adzera pamene akazinga mandasi. Ati, ndigule limodzi lokha. Atadya limodzilo, liu lina limuuza kuti, waphwanya kale lumbiro lako, ungotsiriza zonse lero, mawa udzayamba bwino. Ndipo mawalo liri ngati lero. Iye ayesa kuti cimene cimsowa ndi lamulo lolimba loposa lija, osadziwa kuti lamulolo ndilo limbwezera pa mandasi.

Kuti izi siziri za Aisrayeli okha, zinaoneka bwino m'nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Pa sukulu yaikulu ya ku Minnesota, ku America, mphunzitsi wina dzina lace Ancel Keys anafuna kudziwa cimene njala icita m'thupi la munthu, kuti akathandize anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawasiya ndi njala. Anyamata 36 anadzipereka, ndiwo ena a iwo amene anakana kugwira mfuti cifukwa ca cikumbu mtima cao, ambiri a iwo Akristu. Nchitoyo inayamba m'caka ca 1944. M'caka ca 1945 anawapatsa ngati theka la cakudya cao ca masiku onse kwa masabata 24, ali kuyendabe mailosi 22 pa sabata, kufikira anataya ngati limodzi la magawo anai a kulemera kwao. Anyamatawa anali a moyo wabwino ndi a mtima wokhazikika. Koma m'masiku a njalawo maganizo ao onse anatembenukira ku cakudya: analankhula za cakudya, analota cakudya, ndipo ena anayamba kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe. Ndipo pamene anawalola kudya monga afuna, ambiri sanathe kudziletsa. Ena anadya kufikira kudwala, nadandaulabe kuti ali ndi njala. Panapita miyezi kuti kadyedwe kao kabwerere m'malo. Akulu athu adziwa cinthu cofanana naco, pakuti munthu wolefuka ndi njala samuikira mbale yodzala, koma ayamba naye ndi phala lamadzimadzi.

Nanga cifukwa ninji cilakolakoco cithamangira ku zozuna, osati ku nkhwani kapena nyemba? Thupi lotopa lifuna cimene cipatsa mphamvu msanga, ndipo shuga ndi ufa woyera wa tirigu zilowa m'mwazi mofulumira. Shuga akacuruka m'mwazi, kapamba aturutsa mankhwala ace a m'thupi, dzina lace insulini, amene acotsa shugayo m'mwazi ndi kumlowetsa m'minofu. Cotero wakumwa tiyi wozuna ndi sikono yokha akondwa kanthawi, koma posacedwa njala ibweranso. Cakudya cokhala ndi gaga ndi ndiwo zolimbitsa thupi, monga nsima ya mgaiwa ndi nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena masamba otendera, cikhalitsa m'mimba, ndipo mphamvu yace ituruka pang'onopang'ono ngati moto wa citsa. Kusagona tulo tokwanira nakonso kukulitsa cilakolako ca zozuna tsiku lotsatira.

Makolo athu anakonda zozuna monga ife, koma anazipeza mobvutikira. Uci unafuna munthu wolimba mtima pa njuci; nzimbe ndi misale zifuna mano ndi nthawi, ndipo nsagwada zitopa mimba isanadzale; masuku ndi mango ali ndi nyengo yace. Koma kuyambira m'caka ca 1966 shuga apangidwa m'dziko mwathu muno ku Nchalo, ndi ku Dwangwa kuyambira 1979, ndipo lero apezeka m'kagolosale kali konse. Sindinena kuti shuga ndi cimo. Ndi mphatso, ndipo abale athu ambiri adyetsa ana ao ndi nchito ya m'minda ya nzimbe. Koma muyeso wace ndi waung'ono koposa mmene tiyesera. M'caka ca 2015 bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, pamodzi ndi uci, asafike limodzi la magawo khumi a mphamvu ya cakudya ca tsiku. Ndi kuti kuli bwino koposa akacepa kufikira ngati magalamu 25, ndiwo masupuni aang'ono 6. Tsono m'botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zozuna zija kawirikawiri muli magalamu ngati 30. Werengani nokha masupuni amene muthira m'kapu ya tiyi, ndi makapu amene mumwa pa tsiku.

Mankhwala oyamba a nthendayi adabwitsa ambiri, pakuti ndiwo kudya. Dotolo wa ku Oxford, Christopher Fairburn, amene anagwira nchito zaka zambiri pakati pa odwala otere, aika cinthu cimodzi patsogolo pa zonse: wodwala adye pa nthawi zoikika, katatu pa tsiku, ndi kakudya kakang'ono kawiri kapena katatu pakati pace, kuti pasapite maora oposa anai ali wosadya. Kwathu kuno ndiko kunena phala kapena mbatata m'mawa, nthoci kapena mtedza dzuwa likakwera, nsima ndi ndiwo usana, cimanga cowocha kapena cipatso madzulo, ndi nsima ya usiku. Ndipo cofunika koposa ndi ici: ngakhale munagwa usiku wa dzulo, m'mawa mudye phala lanu monga mwa nthawi zonse. Musalipire mlandu wa dzulo ndi njala ya lero. Kumbukirani mana a m'cipululu, pa Eksodo 16, amene kukoma kwace kunali konga uci. Mulungu sanawapatse Aisrayeli cakudya ca mwezi wonse tsiku limodzi ndi kuwamana masiku otsala, koma anawapatsa muyeso wa munthu ali yense m'mawa ndi m'mawa.

Ndidziwa kuti alipo a m'nyumba zosowa amene adya kamodzi pa tsiku, si cifukwa ca lumbiro koma cifukwa nkhokwe yatha. Amenewo asadziyese ocimwa akadya mwaphuma pamene cakudya capezeka. Mlandu wao uli pa ife a mpingo amene tiri ndi cimanga.

Pamene cilakolako cafika, dziwani kuti cikwera ndi kutsika ngati madzi a mumtsinje mvula itagwa. Sicikhala pamwamba nthawi zonse. Turukani m'nyumba, pitani kudimba, kacezeni ndi mnansi, gwirani nchito ya manja, ndipo kawirikawiri theka la ora lisanathe mphamvu yace yacepa. Musasunge mulu wa zozuna m'cipinda cogona. Koma musalumbirenso kuti simudzalawa cozuna moyo wanu wonse, pakuti mtima wa munthu uumirira pa cimene waletsedwa. Kuli bwino kudya mandasi limodzi mutatha nsima, muli pamphasa pamodzi ndi ana anu, koposa kudya khumi kuseri kwa citseko. Shuga wa m'tiyi mumcepetse theka la supuni pa sabata. Lilime lizolowera, ndipo itapita miyezi iwiri tiyi wakale uja adzakuzunirani mopyola.

Si njala ya m'mimba yokha imene iutsa nthendayi. Ena athamangira ku cakudya pamene ali ndi cisoni, atayambana ndi mwamuna kapena mkazi wao, pamene ngongole iwasowetsa tulo, kapena pamene akhala okha m'tauni kutali ndi abale. Cozuna citonthoza mtima kanthawi kocepa, ndipo cisoni cibwera ndi manyazi pamwamba pace. Munthu wotere adzifunse asanatsegule thumba kuti, kodi cimene cindiwawa ciri m'mimba kapena mumtima? Ndipo asankhe munthu mmodzi wosunga cinsinsi, kapena mkulu wa mpingo kapena mai wacikulire, amuuze zonse, pakuti nthendayi ikula m'kubisa. Inunso amene mwauzidwa, musaseke, musakaulule pa citsime, ndipo musamuwerengere mbamu pakudya. Pamene Eliya anagona pansi m'cipululu atatopa ndi moyo, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanayambe ndi kumdzudzula; anamdzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa, ndipo mau a Mulungu anadza pambuyo pace.

Wina adzafunsa kuti, nanga kusala kudya, kumene Ambuye wathu mwini anacita, tikuleke kodi? Iai. Koma kusala kwa Mkristu ndiko kupatula nthawi ya pemphero, si ndodo yodzikwapulira cifukwa ca mandasi a dzulo. Amene ali ndi nthenda imeneyi ndimlangiza kuti ayambe waleka kusala cakudya kufikira kadyedwe kace katakhazikika. Nthawi ya pemphero aisunge ndithu, koma phala lace adye. Ndipo atsogoleri amene alamulira mpingo wonse kusala masiku ambiri, osapatula odwala, amai apakati, oyamwitsa ndi ana, awerengenso za Sauli.

Zilipo zina zimene sizidikira uphungu wa mpingo, koma zifuna cipatala msanga. Munthu amene atatha kudya adzisanzitsa dala, kapena amwa mankhwala otsegula m'mimba kuti asanenepe, ali ndi nthenda ina yoopsa, imene iononga mano ndi kusokoneza kugunda kwa mtima. Amene amva ludzu losatha, nakodza kawirikawiri usiku, naonda cinkana adya, akapimitse mwazi wace, pakuti zimenezi ndi zizindikiro za nthenda ya shuga. Amene cisoni camkulira kufikira kulakalaka imfa, abale ace apite naye tsiku lomwelo. Ndipo amene ali kale pa mankhwala a shuga, makamaka obaya insulini, asadumphe cakudya konse. Ameneyo akayamba kunjenjemera, kuturuka thukuta ndi kuona cizungulire, mumpatse madzi a shuga pomwepo ngati ali wokhoza kumeza, atatero adye cakudya ceniceni, ndipo ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa, koma mufulumire naye ku cipatala.