BISHOPU WOSAPIRINGIDZA CITSEKO

Phunziro la akulu a mpingo ndi Akristu onse. Mau owerenga: Luka 15:1-7, Aroma 2:4.

M'caka ca 1862 mlembi wa ku France, dzina lace Victor Hugo, anaturutsa buku lalikuru lochedwa Les Misérables, ndiko kunena kuti anthu ozunzika. Nkhani yace njopeka, koma monga fanizo liphunzitsa zoona, momwemonso nthano iyi. Iyamba ndi nkhalamba ina, Bishopu Myriel wa Eklesia wa Katolika m'mudzi wa Digne. Makhalidwe ace atatu ayenera kusinkhidwasinkhidwa.

1. Sanaumirire cuma. Pofika ku Digne anapatsidwa nyumba yaikuru ya zipinda zambiri, ndipo pambali pace panali cipatala caching'ono, m'mene odwala 26 anagona mothithikana. Iye anasinthana nao: odwala analowa m'nyumba yaikuru, mwini wace nakakhala m'cipatala muja. Pa malipiro ace a mafranki 15,000 pa caka anadzisungira 1,000 okha. Otsalawo anathandiza osauka, akaidi ndi nchito za Eklesia. Za mtengo wace zinamtsalira ndizo mafoloko ndi masupuni asiliva, ndi zoikapo nyali ziwiri zasiliva.

2. Sanaope mlendo. Citseko cace sicinapiringidzidwe, usana kapena usiku. Madzulo ena m'caka ca 1815 panagogoda munthu wochedwa Jean Valjean, amene anakhala m'ndende zaka 19 cifukwa ca kuba mkate ndi kuyesa kuthawa. Nyumba za alendo zinamkana, pakuti kalata yace ya ulendo inaulula kuti anali mkaidi. Bishopu, atamva zonsezi pakamwa pa mlendo yemwe, anamlankhula mwaulemu monga mfulu, nadya naye pa gome limodzi ndi masupuni asiliva aja, namuonetsa pogona.

3. Anakhululuka mwa kutayapo zace. Usiku womwewo mlendo anaba siliva nathawa. M'mawa apolisi anabwera naye womgwira. Mau amodzi okha akadambwezera kundende moyo wace wonse. Koma bishopu anati zinthuzo anampatsa ndiye, naonjezapo zoikapo nyali ziwiri zija. Ndipo apolisi atacoka, anamlangiza kuti cumaco cimthandize kukhala munthu woongoka.

Wina adzafunsa: kodi apa mtumiki wa Mulungu sananame? Funsoli nlolemera. Bukulo lionetsa kuti apolisi asanafike, bishopu anali atauza kale mai womgwirira nchito kuti siliva uja ngwa osauka, ndi kuti iye analakwa poukhalitsa m'nyumba. Motero mumtima mwace anali atapereka kale. Ngakhale kuli tero, Mkristu asayese nkhaniyi cilolezo ca bodza, kapena ca kubisa woipa amene aononga ena. Cimene iphunzitsa ndi ici: kukhululuka kuli ndi mtengo wace, ndipo aulipira ndiye wolakwiridwa. Ndimo anacitira Ambuye Yesu pa mtanda.

Zipatso sizinaoneke pomwepo. Tsiku lomwelo Valjean analanda kandalama ka mwana panjira. Pamenepo ndipo anadziona yekha, nalira misozi. M'tsogolo mwace anasanduka mkulu wa mzinda ndi wothandiza aumphawi. Ndipo munthu wina atagwidwa m'malo mwace, anadziulula yekha pabwalo la milandu kuti wosalakwayo amasulidwe. Zoikapo nyali zija sanazigulitse konse, ndipo pa imfa yace zinali kumuunikira. Akulu akale anati kupatsa nkuika. Bishopu anaika mwa munthu amene onse anamtaya.

Nkhaniyi siili kutali ndi midzi ya kuno. Munthu akaturuka m'ndende nabwera kwao, boma latha naye mlandu, koma kawirikawiri mudzi sunathe. Ana amloza cala, nkhuku ikasowa achula dzina lace, m'nyumba ya Mulungu akhala yekha kumbuyo. Wokanidwa ndi onse sacedwa kubwerera ku zoipa zace zakale. Ndipo mpingo umene unamtsekera pakhomo udzayankhapo pamaso pa Mbusa wamkuru.

MAFUNSO
1. Cinasandutsa mtima wa Valjean nciani: zaka 19 za cilango, kapena usiku umodzi wa cifundo?
2. Kukhululukira wocimwa kusiyana bwanji ndi kulekerera cimo?
3. Pa mpingo pano ndani adzayamba kuitana wocokera kundende kuti adye naye nsima?