Azakhali: Bawuti Yatha Mazinga, Iwe Ukuikamo Machesi?

Azakhali,

Ndimagwira ntchito pa loji ina ku Cape Maclear, ndipo ndine amene ndimayendetsa alendo pa boti la mathanga lamapasa, Hobie 16. Ndi lakale, abwana analigula kwa munthu wa ku Durban. Mabawuti ogwira tsigiro kumbuyo akungozungulira osagwira, ndiponso masikuluwu ena a pamwamba akuzuka ndi dzanja. Ndinaikamo timitengo ta machesi ndi supaguluu, koma sizinakhalitse. Chibwenzi changa chikubwera kuchokera ku Lilongwe ndipo ndinachilonjeza kuti tikazungulira chilumba cha Thumbi. Ndithandizeni.

Wodandaula, kwa Chembe

Mwana wa achimwene,

Machesi! Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Nzeru imeneyo imagwira pa chitseko cha kabati, osati pa tsigiro limene likalimbana ndi mwera. Ndiye ukufuna kukwezapo mwana wa eni ake, wa ku Lilongwe, amene mwina madzi amawadziwira m'beseni mokha? Ukakumana ndi malume ake usadzanditchule.

Botilo si mnzako. Hobie Alter anayamba kupanga mtundu umenewu ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndiye lakolo mwina linayamba kuyandama iwe usanabadwe. Mabowo ake ali pawiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Tiyambe ndi tsigiro, poti ndi pamene pali moyo wa mpongozi wanga. Mabawuti amenewo sagwira faibala. Mkati mwa khoma lakumbuyo anakwiriramo chimbale cha aluminiyamu, ndipo mazinga anadulidwa m'menemo. Bawuti ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi amchere, aluminiyamu ndiye amadyeka. Ukazula bawuti n'kuona kaufa koyera m'mazinga mwake, amenewo ndi malonje a ku Durban. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, sakanadya choncho. Ndikukayikiranso kuti wina, sindikutchula dzina, anakakamizamo bawuti ya mamilimita pomwe maboti opangidwa ku America amayendera mainchi. Zimalowa kawiri katatu bwinobwino, kenako mazinga onse phwanyu.

Ngati chimbalecho chidakali ndi nyama, boola bowo lokulirapo pang'ono n'kudula mazinga atsopano ndi tapu, ya saizi yotsatira. Yeza kaye. Bawuti ya M6 imafuna bowo la mamilimita 5, ya M8 imafuna 6.8. Bowo likakhala kuti lapitirira kale 5, M6 ingokunamiza. Tapu uilowetse mowongoka, uthire dontho la oilo, uzipita patsogolo pang'ono n'kubwerera kuti zinyenyeswa zithothoke. Ikathyokera mkati, udzalemba kalata yachiwiri ukulira. Njira ina ndi kawaya kopotana kotchedwa Helicoil, kamene kamabwezera mazinga pa saizi yakale. Pomanga, paka mafuta otchinga zitsulo ziwirizo monga Duralac kapena Tef-Gel, ndipo kuzungulira bowo paka zomatira kuti madzi asalowe.

Koma chimbale chikakhala kuti chafumbwa, usadzivute ndi tapu. Dula kakhomo kozungulira pamwamba pa boti chakumbuyoko, uikepo chivindikiro chake chomata bwino, ulowetse mkono, bawuti ibooleze mpaka mkati, uikeko chimbale china ndi nati yosamasuka yokha. Abwana adzadandaula kuti waboola boti lawo. Uwafunse ngati tsigiro latsopano ndi lotchipa.

Tsono masikuluwu a pamwambawo. Pamenepo boti lili ndi zikopa ziwiri zopyapyala za faibala, pakati pake pali siponji youma. Madzi akalowera pa sikuluwu, siponjiyo imafewa, sikuluwu n'kusowa pogwira. Gogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuzungulira bowolo. Pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, powola pamangoti phu phu. Kulitsa bowolo kuti likhale kuwirikiza kawiri sikuluwuyo, koma pa chikopa chapamwamba chokha. Tenga msomali, upinde kunsonga, uumange pa dirilo, ukokolole siponji yonyowa pansi pa chikopacho. Mata tepi kunsi ngati ungafikeko.

Apa ndi pamene anyamata ambiri amagwera: kuyanika. Epoxy sagwira ponyowa, kaya upemphere motani. Likokere botilo kumtunda, liume masiku angapo, upukute ndi asetoni. Ukatero nyowetsa m'bowomo ndi epoxy wamadzimadzi, wotsalayo usakanize ndi ulusi wa faibala wodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono mpaka alimbe ngati chiponde, ulowetse ndi jakisoni kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti musatsale mpweya. Muyezo wa mabotolo awiri a epoxy utsate zolembedwa, osati zoyerekeza ndi maso. Usakanize pang'onopang'ono, pamthunzi, chifukwa dzuwa la ku Mangochi limaumitsa epoxy m'kapu iwe ukufunafuna jakisoni. Pate wa mapanobita uja muwasiyire eni ake, pa boti amangosweka. Mawa lake, zitauma gwa, boola kabowo kochepera sikuluwu pakatikati penipeni, umange ndi dzanja. Ikangolimba, leka. Mphamvu zotsalazo ukaonetse mpongozi wangayo pokoka zingwe.

Usanatsike nalo m'madzi, gwedezanso mariveti a pa mlongoti ndi pa mitanda. Amene akugwedera uwaboole, uike okulirapo a Monel kapena achitsulo chosachita dzimbiri, osati aaluminiyamu a pa maketulo.

Za mtsikanayo, muimbire umuuze kuti ulendo wa ku Thumbi wasunthira sabata yamawa. Akabwerabe, mupatse tepi ndi asetoni akuthandize, mukadye kampango pamchenga. Tsiku lonyamukalo jekete yoyandamitsa avale iye, nawenso uvale, ngakhale uzidzitama kuti unabadwira pagombe. Ndipo machesi otsalawo unditumizire, kuno magetsi azima.

Ndine,
Azakhali ako