Malangizo: Gemu Ikamangotseka Yokha pa Foni

Achinyamata ambiri akudandaula kuti Free Fire kapena eFootball ikumangotseka yokha masewera ali mkati. Musafulumire kunena kuti foni yatha.

Gwirani kumbuyo kwake. Ngati kwatentha, chotsani kava ndipo musamasewere foni ili pachaja, makamaka kukatentha ngati mu Okutobala. Foni ya RAM ya 2GB imalemedwa msanga, choncho tsekani WhatsApp ndi TikTok, fufutani mavidiyo akale, mutsitsenso graphics. Netiweki ikamadukaduka, tulukani panja.

Zikakanika, chotsani gemuyo muyiikenso kuchokera pa Play Store, osati yopatsidwa ndi mnzanu. Koma chonde, yambani mwalumikiza akaunti yanu ku Google kuti musataye zomwe munavutikira.